Lipoti la ku maphunziro a masikirini, kwa anzanga okonza ma TV ndi mafoni

Mabwana, ndabwerako ku maphunziro munandituma aja, pepani lipoti lachedwa magetsi anavuta kwathu kuno. Ya transipoti inakwana, chenji ndasiya kwa asungichuma.

Nkhani inakula ndi ya polarizer, kapepala kodera kaja komata pagalasi la LCD (masikirini ophwatalala a ma TV, mamonita ndi mafoni ambiri) komwe ife timangoti filimu. Timakhala tiwiri, kena kumbuyo kena kutsogolo, topingasana. Kakumbuyo kamasefa kuwala kwa backlight (nyali za kuseri kwa galasi) nkungolola kogwedezekera mbali imodzi, ndiye liquid crystal, timadzi ta mkati mwa galasi, ndi imene imapotoza kuwalako kuti kudutse kakutsogolo kapena kutsekeke. Nchifukwa chake ukasenda kakutsogolo sikirini imangoti mbee ngati yafa pomwe chithunzi chilimo.

Aphunzitsi anatigawira tizidutswa ta filimuyi. Ndinasanjikiza tiwiri nkumatembenuza kamodzi, kufika pa madigiri 90 mdima bii, kenako aphunzitsi analowetsa kachitatu pakati kopendekera pa 45 kuwala nkubwereranso, ine mpaka kubwereza katatu ndimvekere apa pali matsenga. Anayambitsa filimuyi ndi Edwin Land wa Polaroid ku America, ndipo kapangidwe kake ka 1938, kokoka pulasitiki ya PVA nkuinyika mu ayodini, ndi kamene kakugwirabe ntchito mpaka pano.

Tsono imvani apa. Ma TV aja amabwera ndi chigamba pakati ngati apsa, matuza, fungo la viniga, nthawi zambiri galasi silinafe ayi, yawola ndi filimu chifukwa cha kutentha ndi chinyezi, anzathu a ku Salima ndi Nsanje mukuzidziwa izi. Ine ndakhala ndikuuza makasitomala kuti gulani ina, manyazi anandigwira ndili pampando. Kusenda kumafuna mtima wodekha ndi kuchotsa guluu yense, koma pomwe ambiri timagwa mpa angle, kapendekedwe ka filimu yatsopano poidula. Ma TV ambiri amafuna ya madigiri 0 kapena 90, mamonita akale a LCD ya mtundu wa TN ya 45 kapena 135. Musanadule yatsani sikirini, gwirizani filimu pagalasi nkutembenuza mpaka mitundu ikhale bwino, mukadula mwaphuma ndalama yapita.

Za OLED, masikirini odziwalira okha opanda backlight, anangodutsamo, mulinso kapepala kena kotchedwa quarter-wave plate pansi pa filimu, kothandizana nayo kuletsa kunyezimira, pamenepo ine ndinganene kuti tisamayambe kaye.

Ndikupempha tisonkhe tigule mpukutu umodzi tigawane. Loweruka ndibwera ndi tizidutswa tija, amene ali ndi monita yakufa abwere nayo tiyeserere.