Asiye Ana Amve Nthano za Agogo Awo ku Madura

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino. Mvula yayamba ndipo bambo ako amaliza kubzala. Ndikhulupirira kuti mpongozi wanga ndi adzukulu anga akudzuka bwino kumeneko ku Bangkalan, pachilumba cha Madura ku Indonesia.

Pali mawu amene unanena pafoni amene sanandikhale bwino mumtima, ndiye ndati ndilembe kalata, poti pafoni timangodumphadumpha nkhani. Unati ukufuna ana azilankhula Bahasa Indonesia ndi Chingerezi basi, ndipo nthano zimene apongozi ako amawasimbira madzulo m'Chimadura zikungowasokoneza mutu. Apa mwana wanga sindikugwirizana nawe ngakhale pang'ono.

Bahasa Indonesia anawo sangaiphonye. Ndiyo ya m'kalasi, ya pa wailesi yakanema, ya m'mafoni, ndipo chitsegulireni mlatho wa Suramadu wolumikiza Madura ndi chilumba cha Java mu 2009, mzinda wa Surabaya uli pakhomo penipeni. Chimene chingawathawe ndi chilankhulo cha kuchikazi kwawo, makamaka mbali yake yaulemu. Paja Chimadura chili ndi malankhulidwe atatu: enja'-iya wa anthu a msinkhu umodzi, enggi-enten wapakatikati, ndi enggi-bunten wolankhulira makolo, akuluakulu ndi a kiai, atsogoleri a chipembedzo aja. Posewera ndi anzake mwana amatola woyambawo. Nanga waulemuwo akaumva kuti? M'nthano, agogo akafika poti mnyamata wagwada pamaso pa mfumu, mawu amasintha, ngakhale liwu limatsika, ndipo mwana amamva yekha kuti wamkulu salankhulidwa chisawawa. Anthu a kumeneko ali ndi mawu awo akuti bhuppa' bhabhu' ghuru rato, kutchula bambo, mayi, mphunzitsi ndi wolamulira monga oyenera ulemu. Mwana wosadziwa kupereka moni kwa anthu amenewa adzaoneka wamwano pamudzi pa amayi ake, pomwe mtima wake uli wabwinobwino, ndipo chala adzaloza iwe, mkamwini wochokera kutali.

Nditabwera kudzaona mwana wachiwiriyo, mpongozi wanga ankandimasulira nthano za asewere anga, ndipo ya Joko Tole sinandichoke m'mutu. Khanda linasiyidwa m'nkhalango, njati yoweta yoyera n'kumapita mwakabisira kukaliyamwitsa, mpaka mwini njatiyo, wosula zitsulo dzina lake Empu Kelleng, anailondola n'kutola mwanayo. Atakula, bambo womulera uja anaitanidwa ku Majapahit, ufumu wakale wa ku Java, kukamanga chipata cha mfumu. Anakhalitsa osabwerako, ndipo mnyamatayo anamutsatira n'kukamaliza ntchito imene inakanika amisiri akuluakulu. Mphoto yake anam'patsa mwana wa mfumu, Dewi Ratnadi, amene anali wosaona. Sanam'kane, anam'tenga ulendo wobwerera kwawo, ndipo panjira madzi otumphuka pansi anatsegula maso a mkaziyo pamalo amene lero amatchedwa Socah, m'boma lanu lomwelo. Ndinaona mdzukulu wanga wamkuluyo akumvetsera kukamwa kuli yasa, mpunga uli m'manja osaudya, kenaka anafunsa ngati Joko Tole ankadziwa kuti Empu Kelleng si bambo ake om'bereka. Taona funso limenelo! Mwana wa zaka 5 akusinkhasinkha za kuthokoza munthu amene anakulera, popanda womulalikira. Tsiku lina uwatenge anawo upite nawo ku Socah akaone kuti malowo alipodi. Mukadzafika ku Sumenep, boma la kum'mawa kwa Madura, uwaonetsenso hatchi yamapiko ya pa chizindikiro cha bomalo, uwafunse ngati akukumbukira Megaremeng, hatchi youluka ya Joko Tole.

Koma ndikuchenjeze chinthu chimodzi, poti ndaphunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka tsitsi kuchita imvi. Nthano usaisandutse chikwapu. Akulu ambiri akangomaliza kusimba amathamangira kunena kuti phunziro lake ndi lakutilakuti, mwana n'kuloweza ngati ndakatulo, mawa waiwala. Tenga ya Aryo Menak. Munthuyu anaona akazi akumwamba akusamba padziwe usiku, anabisa nsalu ya mmodzi kuti alephere kuuluka, kenaka n'kumukwatira. Mkaziyo ankaphika kambewu kamodzi ka mpunga mphika n'kudzaza, ndipo anamuletsa mwamuna wake kuvundukula. Iye anavundukula, mphamvu ija inatha, mpunga unayamba kuchepa m'nkhokwe mpaka mkaziyo anapeza nsalu yake pansi pake, n'kubwerera kwawo kumwamba. Wofulumira anganene kuti nthanoyi ikuletsa chidwi chosuzumira zoletsedwa. Ine ndimaona kuti mlandu unayamba kale padziwe paja, pamene banja linamangidwa pa chinyengo. Afunse anawo kuti Aryo Menak analakwa liti, ndipo mkaziyo anachita bwino kapena ayi kusiya ana ake. Alekeni atsutsane. Wamng'onoyo akanena zosamveka musamuseke, pakuti m'kulimbana ndi mawu momwemo ndi mmene lilime limamasukira.

Zochita zake si zambiri. Agogo akayamba kusimba, mafoni onse akhale kutali, kuyambira yako. Mawa lake mwana abwereze nthanoyo kwa amayi ake m'Chimadura, ndipo akasakaniza ndi Bahasa Indonesia asamudule pakamwa, angobwereza chiganizocho bwinobwino ngati akuvomereza. Akafuna nthano yomweyomweyo sabata yonse, asimbireni, mwana satopa ndi chimene akuchikonda, ndipo tsiku lina adzakudabwitsani akuwongolera agogo ake kuti adumpha pena. Iwenso uzikhala pomwepo. Chimadura chako n'chopunduka, ndikudziwa, koma ana akaona bambo awo akufunsa tanthauzo la mawu modzichepetsa, adzadziwa kuti chilankhulo cha amayi awo ndi chamtengo. Asewere anga akukalamba ngati ine ndemwe, choncho uwapemphe mwaulemu kuti uziwajambula mawu pafoni nthawi zina, ukasunge bwino.

Zoti zilankhulo zambiri zimasokoneza mwana usazimvere. Iwe unakula ukumva Chichewa pakhomo, Chiyao kwa anzako kumsika ndi Chingerezi kusukulu, nanga unasokonezeka pati? Mwana amasakaniza poyamba, kenaka amadziwa yekha kuti agogo awa ndimalankhula nawo chakuti.

Ndipo popeza ndafika pamenepa, gawo lako nalonso lilipo. Mpongozi wanga sangawaphunzitse kuyankha kuti tili tonse iwe ukati padangokhala. Sankha usiku umodzi pa sabata ukhale wa Kalulu ndi Fisi, uziimba nyimbo zake monga ndinkakuimbira, iwo azivomera. Loweruka likudzali undiimbire pa WhatsApp dzuwa lisanalowe kumeneko, kuno kudzakhala kudakali masana. Ndikufuna wamkuluyo andisimbire ya Joko Tole m'chilankhulo chilichonse chimene angathe, ine ndidzam'bwezera ya Kamdothi.

Undiperekere moni kwa asewere anga onse awiri, uwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha mmene akulerera anawo. Bambo ako akuti utumize zithunzi zatsopano.

Ndine mayi ako okukonda.