Pempho lochokera m'munsi mwa phiri la Ntchisi: tithandizeni kusindikiza timabuku ta nchima

Makolo athu, abale ndi alongo, ana a kuno amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja, komanso nonse akufuna kwabwino, landirani moni wathu.

Amene tikulemba ndife a komiti ya sukulu yathu ya pulayimale, ya m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi. Tagwirizana ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi a pasukulu, ndi komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi. Mafumu athu akudziwa za kalatayi ndipo atilola. Chimene tikupempha ndi thandizo lopangira timabuku tating'ono ta Chichewa tonena za nchima, nyama zofananako ndi apusi za m'nkhalango yathu, toti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirira kuwerenga, ndipo aziloledwa kupita nato kunyumba.

Vuto lathu silachilendo kwa aliyense amene anaphunzira kumudzi. Mwana amafika Sitandade 4 akutha kutchula a, e, i, o, u mokweza pamodzi ndi anzake, koma mukamupatsa chiganizo kuti awerenge yekha, amangoyang'ana pansi. Kafukufuku wa m'makomo wa 2019 mpaka 2020, amene anachita a ofesi ya boma yoona za kalembera ya National Statistical Office mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, 19 okha ndi amene amatha kuwerenga kankhani kosavuta ndi kumva zimene awerengazo. Ana athu ali m'gulu la otsalawo. Boma linayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme mu 2016, aphunzitsi anaphunzitsidwa kaphunzitsidwe ka maliwu ndi maphatikizo, mabuku anafika, ndipo tikuthokoza. Koma buku logwiridwa ndi manja ambiri silichedwa kuthothoka, ndipo belu likalira limabwerera mu ofesi. Mwana akafika kwawo, zolembedwa zimene amaziona ndi za pathumba la feteleza basi. Kuwerenga kumafuna kubwereza, ndiye abwereza pa chiyani?

Maganizo a nchima anabwera ndi aphunzitsi athu a makalasi aang'ono. Iwo anaona kuti mwana wosayankhula m'kalasi, ukangomufunsa zimene anaona popita kukafuna bowa ndi amayi ake, pakamwa pamatseguka. Amafotokoza mtengo, amafotokoza kulira kwa nyama, amatsutsana ndi mnzake. Aphunzitsiwo anayamba kulemba pabolodi mawu a anawo momwe awanenera: "Nchima ili mu mkuyu. Ikudya nkhuyu. Mwana wake wakakamira pamimba." Ana anawerenga, chifukwa nkhaniyo inali yawo ndipo ankafuna kuona ngati aphunzitsi alemba zoona. Maphatikizo amene amawagwetsa kawirikawiri, monga nkhu, mphu, nchi ndi ng'o, ali ponseponse m'mayina a zinthu za m'nkhalango, ndipo mwana amalimbana nawo mosatopa akadziwa kuti kuseri kwa zilembozo kuli chinthu chimene anachionapo ndi maso.

Kwa inu amene munachoka kuno muli aang'ono, tikukumbutseni za nyamayi. Nchima si pusi, komanso si nyani. Apusi ndi anyani mukuwadziwa, amatsikira m'minda ndi kuthyola chimanga chachiwisi mwini munda akuona. Nchima ili ndi ubweya wotuwa moderapo, manja akuda, ndi mchira wautali kuposa thupi lake. Moyo wake uli m'mwamba mwa mitengo italiitali ya nkhalango yowirira, kumene masamba sayoyoka ngakhale m'chilimwe, ndipo pansi imatsika mwa apo ndi apo. Zimayenda m'gulu la zazikazi ndi ana awo, yamphongo yaikulu imakhala imodzi, ndipo ndiyo imene mumaimva ikufuula kutali m'mawa. Zazikazi zimakalambira m'gulu momwe zinabadwira, zamphongo zikakula zimachoka. Bere lake ndi la miyezi pafupifupi isanu, mwana amabadwa mmodzi, ndipo yaikazi siibereka chaka ndi chaka. Choncho msampha umodzi ukagwira mayi, gulu limatenga zaka kuti libwerere m'chimake. Chakudya chake ndi zipatso, masamba anthete, maluwa ndi tizilombo, ndipo njere za zipatsozo imazimwaza kutali ndi mtengo umene yadyamo. Mitengo yambiri imene ili m'phirimu sinabzalidwe ndi munthu. Anabzala ndi nchima ndi mbalame.

Sitikufuna kukunamizani kuti nchima zatha mu Africa. M'mayiko ena zidakalipo zambiri. Koma kuno ku Malawi zatsalira m'tizigawo ta nkhalango totalikirana, monga ku Mulanje, ku Zomba, ku Viphya, ku Nyika, ku Misuku ndi kuno kwathu. Nkhalango ya Ntchisi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1924, ndipo lero yazunguliridwa ndi minda mbali zonse. Nchima siyenda mtunda wautali pamtetete. Zikatha muno, palibe kumene zina zidzachokere. Amene mumakhala kum'mwera mukudziwa zimene zinachitikira phiri la Thyolo ndi la Ndirande: mitengo inapita anthu akuona, m'zaka zochepa chabe, ndipo zonse zokhala m'mitengomo zinapita nayo. Kuno nkhwangwa ikulira chifukwa cha makala, nkhuni ndi matabwa, moto wolusa umalowa m'chilimwe, ndipo nyengo ya matondo ena amagwetsa mtengo wathunthu kuti atole za tsiku limodzi. Pamene nkhalangoyi ndi yomwe inabisa makolo athu pa nthawi ya nkhondo za Angoni, monga akuluakulu amatiuzira, ndipo mitsinje yochokera m'phirimu ndiyo imamwetsa midzi mpaka kukathira m'nyanja ya Chia ku Nkhotakota.

Pamsonkhano wa makolo nkhaniyi sinadutse mosavuta, ndipo tikufuna mudziwe zimenezi. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti mwana wake amajomba kusukulu mu Febuluwale ndi Malichi chifukwa cholondera anyani kumunda, ndiye lero sukulu imuphunzitse kukonda nyama yomwe ikumulanda nsima? Mayi wina anati makala ndi amene amagulira makope ndi yunifomu. Palibe amene anawaseka, chifukwa onse awiri ananena zoona. Tinagwirizana kuti timabukuti tisakhale tonyoza munthu. Simudzapezamo chiganizo chonena kuti wootcha makala ndi woipa, popeza mwana amene akuwerengayo mwina bambo ake ndi omwewo. Mudzapezamo kusiyana kwa nchima, pusi ndi nyani, nkhani ya kulondera munda monga ana amaidziwira, ndi mafunso oti mwana akafunse kunyumba: kasupe uja anauma liti, mtengo uti umene unali pamenepo? Kuweruza tasiyira mwanayo akadzakula. Ife mbali yathu ndi yakuti adzakule akutha kuwerenga, ndipo akudziwa chimene chili m'phiri la kwawo.

Panabweranso ganizo loti tipeze kamwana ka nchima tizisunga pasukulu kuti ana aziona. Tinakana. Kamwana koteroko sukapeza popanda kupha make, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kusunga nyama zotere popanda chilolezo. Ku malo osamalira nyama zopulumutsidwa a Lilongwe Wildlife Centre kuli apusi ndi anyani amene analanditsidwa kwa anthu atamangidwa zingwe m'chiuno. Ana athu akaone nchima ili mumtengo, atsogozedwa ndi alonda a nkhalango, ataima patali ndiponso ali chete.

Kabuku kamodzi tikufuna kadzanene za anansi athu a ku Tanzania. Kumpoto kwa nyanja yathu, mukaoloka mtsinje wa Songwe, kuli phiri la Rungwe. Kumeneko mu 2003 akatswiri a zanyama anaona mtundu wa pusi wa m'nkhalango wotchedwa kipunji, umene unali usanalembedwepo m'buku lililonse la sayansi, ndipo anaulengeza ku dziko lonse mu 2005. Alenje achinyakyusa a m'midzi yozungulira ankaudziwa kalekale, ndipo ndi nkhani zawo zimene zinatsogolera akatswiriwo. Atawerenga koyamba anapeza 1,117 zokha pa dziko lonse lapansi. Patapita zaka za kuteteza nkhalango, kuchotsa misampha ndi kuphunzitsa ana m'sukulu zozungulira phirilo, chiwerengero chinakwera. Nkhaniyi timaikonda chifukwa ikuonetsa ana athu kuti zimene agogo awo amadziwa ndi nzeru zoyenera kulembedwa, ndiponso kuti nyama imene yatsala pang'ono kutha ikhoza kuchulukanso.

N'chifukwa chake ntchitoyi ikuyambira kwa agogo. Ana a Sitandade 6 ndi 7 akumapita kwa akuluakulu a m'mudzi kukamva nthano, zilapi, nyimbo ndi mayina a mitengo, n'kulemba m'makope. Aphunzitsi amasankha, amafupikitsa ndi kusanja molingana ndi kalasi: ka Sitandade 1 kamakhala ndi chithunzi chachikulu ndi mawu ochepa patsamba, ka Sitandade 4 kamakhala nkhani yathunthu ndi mafunso kumapeto. Wamkulu amaphunzira kufunsa, kumvetsera ndi kulemba, wamng'ono amapeza chowerenga. Chingerezi sitikuchitaya, popeza mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Tsamba lomaliza la kabuku kalikonse lidzakhala ndi ziganizo zochepa za Chingerezi pa nkhani yomweyo. Koma taona ndi maso athu kuti mwana amene wagwira kuwerenga m'chiyankhulo cha amayi ake savutika kwambiri kuolokera ku chinacho.

Pakali pano zonsezi zili pamapepala olembedwa pamanja, ndi pamakatoni amene timapempha m'magolosale. Chosowa chathu chachikulu ndi mapepala oyera ndi ndalama yosindikizira ndi kuchita fotokope, kuti mwana aliyense akhale ndi kake kopita nako kunyumba, kakada kade, kakang'ambika tisindikize kena. Ngati muli ndi pulinta kuntchito kwanu kapena shopu yosindikiza ndipo mungatichitire pamtengo wotsika, mwatithandiza koposa. Tikufunanso makope, mapensulo, chekeni ndi choko, komanso bokosi lachitsulo lokhoma, chifukwa chiswe ndi makoswe zinatidyera kale matchati ambiri.

Pali thandizo lina losafuna ndalama. Tikusowa munthu waluso lojambula amene angatijambulire nchima yooneka ngati nchima, osati pusi. Amene munajambulapo zithunzi m'nkhalango muno, tiloleni tizigwiritse ntchito. Aphunzitsi opuma pantchito, tithandizeni kuona kalembedwe ka Chichewa tisanasindikize, kuti tisaphunzitse ana zolakwika. Foni yakale imene ikutha kujambula mawu ingatithandize kusunga nthano za agogo momwe akuzinenera, chifukwa dzanja la mwana silithamanga ngati pakamwa pa nkhalamba, ndipo ena mwa agogowa afooka kwambiri. Magalasi oonera patali, ngakhale akale, angachititse kuti ulendo wa m'nkhalango ukhale waphindu. A mabungwe monga Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), amene muli ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndi a National Library Service, tikupempha mudzatiyendere ndi kutilangiza.

Ena mwa inu mumatitumizira mabuku akuluakulu a Chingerezi ochokera kunja. Timathokoza mtima wanu, ndipo a makalasi akuluakulu amawagwiritsa ntchito. Koma kwa mwana wa Sitandade 2 amene sanagwire maphatikizo, buku lotero ndi lolemera kwambiri. Ngati mungasankhe, ndalama yotumizira katoni imodzi ya mabuku oterowo ingasindikize timabuku tambiri ta Chichewa.

Komiti yoona zachilengedwe yatipatsa malo a nazale kuseri kwa sukulu. Tikufuna kufesa mkuyu, kachere ndi mbawa zoti tikabzale m'mbali mwa mitsinje, ndipo mbande iliyonse idzakhala ndi kachikwangwani kolembedwa ndi mwana amene akuisamala. Pamenepa tikusowa machubu, makheni othirira ndi wilibala.

Pa za ndalama tikudziwa kuti ambiri munapsapo. Chilichonse cholandiridwa chidzalembedwa m'buku la komiti, wopereka adzalandira lisiti, ndipo palibe ndalama idzatuluke popanda kusainira wapampando, msungichuma ndi aphunzitsi aakulu. Ndondomeko ya momwe zagwirira ntchito idzawerengedwa pamsonkhano wa makolo kumapeto kwa teremu iliyonse pamaso pa mafumu, ndi kumatidwa pakhoma la ofesi. Aliyense wothandiza tidzamutumizira kabuku kamodzi kuti aone chimene chatuluka.

Tikufunitsitsa kuti timabuku toyamba tifike m'manja mwa ana mvula isanalimbe, chifukwa msewu wobwera kuno umavuta dzinja, ndiponso kuti mbande zikhale zokonzeka pamene nyengo yobzala mitengo ikutsegulidwa pa 15 Disembala. Katundu mungasiye ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, kapena kwa alangizi a zamaphunziro a zoni yathu, amene avomera kutilandirira. Amene muli kutali, lumikizanani ndi abale anu a kuno kuti akufikitseni kwa wapampando wa komiti. Ndipo amene mungathe kubwera, bwerani tsiku la sukulu mudzakhale m'kalasi ndi kumva ana akuwerenga.

Ndife anu,
Komiti ya Sukulu, pamodzi ndi Komiti ya Makolo ndi Aphunzitsi, Gulu la Amayi, ndi Komiti Yoona Zachilengedwe ya m'Mudzi