Ofunafuna makobidi akale asiye kuzunza akalaliki a m'mabanki

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kachitidwe kena kofala kuno ku America kumene ndikukhala, komwe abale ambiri amakaona m'mavidiyo a pa YouTube n'kumandifunsa ngati n'zoona kuti munthu angalemere pongotenga makobidi kubanki. Nkhani yake ndi yotere: munthu amapita kubanki ndi ndalama zapepala n'kusinthitsa ndi makobidi okulungidwa m'mipukutu, akafika kunyumba amamasula mpukutu uliwonse n'kumayang'ana khobidi limodzilimodzi kufunafuna lakale, lasiliva kapena lodindidwa molakwika, ndipo otsalawo amawabweza kubanki. Ine ndachita zimenezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ndimazikonda ndi mtima wonse. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamaona mmene ena mwa ife akuwachitira akalaliki a pawindo, anthu omwe popanda iwo palibe amene akanagwira ngakhale mpukutu umodzi.

Kuti owerenga amvetse chimene chimatikopa, ndifotokoze kaye chimene timafuna. Kufikira chaka cha 1964, makobidi a masenti 10, a masenti 25 ndi a masenti 50 ankapangidwa ndi siliva magawo 90 pa 100 alionse. Mtengo wa siliva utakwera, boma linakhazikitsa lamulo mu 1965, lomwe anasainira pulezidenti Lyndon Johnson, lochotseratu siliva m'makobidi a masenti 10 ndi a masenti 25, pomwe m'khobidi la masenti 50 anangomuchepetsa kufika pa magawo 40 mpaka chaka cha 1970. Khobidi la masenti 50 la mu 1964, lokhala ndi nkhope ya John F. Kennedy yemwe anaphedwa mu November 1963, lili ndi siliva weniweni woposa magalamu 11, kotero mtengo wake lero umaposa kambirimbiri nambala yolembedwa pamenepo. Timafunanso makobidi a masenti asanu a zaka za nkhondo, kuyambira 1942 mpaka 1945, omwe ali ndi siliva magawo 35 ndipo amadziwika ndi chilembo chachikulu pamwamba pa chithunzi cha nyumba ya Monticello, yomwe inali ya pulezidenti Thomas Jefferson, komanso masenti a pakati pa 1909 ndi 1958 omwe kumbuyo kwake kuli ngala ziwiri za tirigu. Achinyamata amathamangira kwambiri makobidi a masenti 25 okhala ndi chilembo cha W, omwe anadindidwa ku fakitale ya boma yodindira makobidi ya ku West Point mu 2019 ndi 2020, mamiliyoni awiri okha pa chithunzi chilichonse, n'kusakanizidwa mwadala ndi ena onse kuti anthu aziwafunafuna.

Amene sanamasulepo mpukutu sangadziwe mmene mtima umadumphira. Ukang'amba pepala n'kuwayala makobidi m'dzanja chammbali, wamba onse a masenti 10, 25 ndi 50 amaoneka ndi kamzere kofiirira ka mkuwa m'mphepete, koma lasiliva limayera mbuu pakati pa anzake, ndipo ukaligwetsa patebulo limalira mokoma ndi motalika, pomwe enawo amangoti gwa. Koma mavidiyo aja amabisa chinthu chimodzi chachikulu, chakuti masiku otere ndi owerengeka. Bokosi limodzi la makobidi a masenti 50 limakhala ndi mipukutu 50, uliwonse wa makobidi 20, ndiye kuti madola 500, ndipo chaka china ndinamasula mabokosi 11 otsatizana osapeza lasiliva ngakhale limodzi, chifukwa pakhala anthu osefa makobidi amenewa kwa zaka pafupifupi 60 tsopano. Aliyense wolowa m'zimenezi ndi mtima wofuna kulemera amakhumudwa msanga, ndipo ndaona kuti mkwiyo wa kukhumudwako kawirikawiri umakathera pawindo la banki, pa munthu amene sanalakwe kanthu.

Ambiri mwa ife sitilingalira n'komwe za ntchito imene pempho lathu limabweretsa. Nthambi ya banki sisunga mabokosi ambiri a makobidi a masenti 50, chifukwa anthu sawagwiritsa ntchito pogula zinthu. Ukawapempha, kalaliki ayenera kulemba oda, ndipo makobidiwo amachokera m'nkhokwe zoyang'aniridwa ndi Federal Reserve, yomwe ndi banki yaikulu ya dziko lino, n'kubwera pa galimoto zonyamula ndalama za makampani ngati Brink's ndi Loomis, omwe banki imawalipira pa ulendo uliwonse. Bokosi lililonse limalemera makilogalamu oposa 11, ndipo amene amalinyamula kuchokera m'chipinda chosungira ndalama kufika pawindo ndi kalaliki yemweyo. Ukawabweza, ayenera kuwawerenganso, kuwathira m'matumba, kuwamata, kuwalembera ndi kuwasunga mpaka galimoto idzabwere, ndipo banki idzalipiranso kuti achoke. Pa zonsezi banki sipezapo phindu ngakhale senti imodzi, pakuti wabweretsa madola 500 n'kutenga madola 500. Choncho chimene timalandira pawindo paja ndi chifundo chabe, ndipo munthu wolandira chifundo sayenera kulankhula ngati wabwera kudzalonjerera ngongole.

Ndikumbuka bwino Lachisanu lina madzulo, kumapeto kwa mwezi, panthambi ina imene ndinkatengako makobidi kwa zaka zitatu. Mzere unali utafika pakhomo, anthu atanyamula macheke a malipiro awo, ndipo mawindo otsegula anali awiri okha. Bambo wina analowa akukoka kangolo kodzaza ndi zidebe zinayi za makobidi osakulunga, n'kuziunjika pawindo la mtsikana wina yemwe anali asanathe miyezi itatu pantchito. Mtsikanayo anamuuza mwaulemu kuti, "Pepani bambo, makina athu owerengera adzaza, ndipo sindingathe kuchoka pano anthu onsewa ali pamzere. Mungabwere Lachiwiri m'mawa, ndidzakuthandizani ndekha." Bamboyo anamenya patebulo n'kuyankha mokweza kuti, "Iwe, izi ndi ndalama za boma, ulibe mphamvu yozikana, ndiitanire bwana wako!" Ndinaona manja a mtsikanayo akunjenjemera pamene ankanyamula foni, ndipo mayi wina wachikulire amene anali patsogolo panga anangogwedeza mutu. Patatha masabata awiri tinapeza chikalata chomata pakhomo chonena kuti nthambiyo sidzaitanitsiranso munthu aliyense mabokosi a makobidi kupatula eni mabizinesi. Akuluakulu anati ikaola imodzi zaola zonse, ndipo tsiku limenelo tinaolera limodzi tonse, kuphatikizapo agogo ena aamuna omwe Loweruka lililonse ankabwera ndi mdzukulu wawo kudzatenga mipukutu inayi yokha ya masenti kuti akadzazitse kabuku ka mwanayo kosungiramo makobidi.

Bambo uja analakwitsanso pa lamulo lenilenilo limene ankalidalira. N'zoona kuti malamulo a dziko lino amati makobidi ndi ndalama zapepala za boma n'zovomerezeka polipira ngongole ndi misonkho, koma a Federal Reserve eniakewo amafotokoza poyera kuti palibe lamulo la boma lalikulu lokakamiza kampani kapena munthu kulandira ndalama zotere pa malonda ake. Banki ili ndi ufulu wodziikira malamulo ake pa kuchuluka kwa makobidi amene ingalandire kapena kupereka, ndipo kalaliki sapanga malamulowo, amangowatsata. Kumukalipira iye n'kumenya mthenga.

Pali khalidwe lina loipa kuposa kukalipa, lomwe limachitika mwakachetechete. Ena akapeza khobidi labwino mumpukutu sabwezeretsamo lina, amangotseka pepala n'kukabweza mpukutu wa makobidi a masenti 10 uli ndi makobidi 49 m'malo mwa 50, ndipo ena amalowetsamo makobidi a ku Canada kapena tizitsulo tozungulira tofanana kukula. Amadziuza kuti masenti 10 si kanthu kwa banki yaikulu. Sadziwa, kapena safuna kudziwa, kuti madzulo aliwonse kalaliki amawerenga kabati yake yonse ndipo iyenera kugwirizana ndi zimene zili mu kompyuta, ndipo ikapereweza zimalembedwa pa dzina lake. Zikabwerezabwereza amaitanidwa ku ofesi, ndipo angathe kuchotsedwa ntchito chifukwa cha mipukutu imene analandira mokhulupirira munthu amene ankamwetulira pawindo. Kumeneko n'kuba, ndipo amene akuberedwa kwenikweni ndi wantchito wa malipiro ochepa amene ali ndi lendi yolipira ndi ana odyetsa.

Ndiyeneranso kunena za mipukutu imene timaikonda koposa, yokulungidwa ndi manja ndi makasitomala, chifukwa m'menemo ndi mmene mumapezeka zinthu zakale zimene zakhala m'chitini kwa zaka 50. Tsiku lina ndili pamzere, mayi wina wokalamba anabweretsa thumba la mipukutu yamapepala achikasu otha ntchito, akuti anaipeza m'kabati ya amuna awo omwe anali atamwalira kumene. Kalaliki, mayi wa zaka zambiri pantchitoyo, anatsegula kumapeto kwa mpukutu umodzi, n'kuutsekanso, n'kuwauza motsitsa mawu kuti, "Amayi, musasiye izi kuno lero. Pitani nazo kaye kwa ogula makobidi akale akakuuzeni mtengo wake, pakuti ife tingokupatsani zimene zalembedwapo." Mnyamata wina amene anali kumbuyo kwanga, yemwe ndinkamudziwa kuti ndi mnzathu m'kachitidweka, anatuluka atakwiya, ndipo panja anandiuza kuti kalalikiyo wamulanda mwayi. Ine ndinamuyankha kuti mayi uja wachita chimene munthu aliyense woleredwa bwino akanachita. Kupeza khobidi lasiliva limene lasochera pakati pa zikwi za ena ndi mwayi woyera, koma kudikirira kuti wamasiye ataye chuma cha mwamuna wake iwe uli chete pambali n'cholinga choti uchitole ndi chinthu chimene chikumbumtima changa sichingalole.

Kwa anzanga ofunafuna, pempho langa n'losavuta. Tsegulani akaunti kubanki imene mukutengako makobidi, imbani foni kaye musanapite, ndipo pewani tsiku lolandira malipiro, nthawi ya nkhomaliro ndi mphindi zotsekera. Musabweze makobidi kunthambi yomweyo imene munawatenga, chifukwa mukuipatsa katundu kawiri ndipo mudzangolandiranso omwe munasefa kale. Funsani banki ina imene ili ndi makina owerengera kuti imalola ochuluka bwanji pa ulendo umodzi, n'kutsatira zimenezo. Makina owerengera makobidi a kampani ya Coinstar a m'masitolo alipo, koma amadula masenti oposa 10 pa dola iliyonse ukafuna ndalama m'manja, ndipo n'chifukwa chake aliyense amathamangira kubanki, zomwe zikungosonyeza kukula kwa chifundo chimene mabanki amatichitira. Za mphatso ndinene mosamala: ena amabweretsa makeke kwa akalaliki, ndipo mtima wake ndi wabwino, koma mabanki ambiri ali ndi malamulo okhwima pa zimene antchito angalandire, choncho funsani kaye mkulu wa nthambi kuti musamuike munthu m'mavuto. Kulembera mkuluyo kalata yoyamikira kalaliki amene wakuthandizani kumamupindulira kwambiri kuposa keke.

Mabanki nawonso ali ndi mbali yawo. Ambiri salemba lamulo lililonse pa nkhaniyi, kotero kalaliki wina amalola, wina amakana, ndipo kasitomala amaganiza kuti akusalidwa, n'kuyamba kukangana ndi wantchito amene wasiyidwa yekha kuti aganize zochita. Ngati nthambi ingathe kupereka bokosi limodzi pa sabata, ilembe zimenezo poonekera. Ngati ikufuna kulipiritsa kandalama pa bokosi lililonse kuti ibweze zimene imawononga pa galimoto, ine ndilipira mosanyinyirika, chifukwa n'kwabwino kulipira pang'ono kusiyana n'kutsekeredwa khomo chifukwa cha munthu mmodzi wopanda mwambo.

Nkhaniyi yakula kwambiri chiyambireni boma kusiya kudinda khobidi la senti imodzi mu November 2025, ataona kuti kupanga limodzi kunkadya masenti 3.69, monga mmene dziko la Canada linasiyira kugawa lawo mu February 2013. Anthu ambiri tsopano akupempha mabokosi a masenti, ena pofuna a zaka za m'mbuyo mwa 1982 omwe ali ndi mkuwa magawo 95, ngakhale kuti kusungunula masenti ndi makobidi a masenti asanu n'koletsedwa kuyambira mu 2006. Pamene akutero, eni masitolo ang'onoang'ono akusowa masenti obwezera chenji, ndipo kalaliki ndi amene akuyenera kusankha woti amupatse ochepa amene atsala m'kabati. Akasankha mwini sitolo wasankha bwino, pakuti mwini sitoloyo akufuna zogwirira ntchito pomwe ife tikufuna zosangalatsa mtima. Ine ndasiya kupempha masenti mpaka zinthu zitakhazikika, ndipo kunthambi yatsopano imene inandilandira ndimatenga bokosi limodzi la makobidi a masenti 50 pa masabata awiri alionse, Lachitatu m'mawa, n'kulinyamula ndekha kuchokera pawindo.

Ndine wanu,
Wowerenga wokhala ku America