Botolo la haidrojeni silinandichepetsere petulo

Akonzi,

Ndimayendetsa takisi kuno ku Lusaka, ndipo petulo wandimaliza m'thumba. Alamu anga anandinyengerera kuti tipange kabotolo kotulutsa mpweya wa haidrojeni m'madzi, akuti kamachepetsa petulo amene galimoto imamwa: tizitsulo tosachita dzimbiri, madzi, soda pang'ono, mawaya ochokera ku batire, kapaipi kolowa ku injini. Thovu litayamba kutuluka tinaomba m'manja ngati ana.

Milungu itatu ndikuyenda pakati pa Matero ndi m'tauni, Corolla yanga inkamwa chimodzimodzi. Fyuzi inapsa kawiri, botolo likutentha ngati ketulo.

Makanika wina ku Kamwala anandiseka. Anati magetsi ogawa madziwo kuti atulutse haidrojeni amachokera ku alternator (makina opanga magetsi m'galimoto), imene imazunguzidwa ndi injini yomweyo yomwa petulo, ndipo mphamvu yobwerera kuchokera ku haidrojeniyo imachepa kuposa yotayika.

Chonde lembaniko zimenezi, anzanga akumangabe mabotolo. Langa ndinachotsa, alamuwo akusungiramo misomali.

Woyendetsa takisi,
Matero, Lusaka