Mwana wasukulu akufuna juzi yoti amulole kulowa nayo m'kalasi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa zovala zimene mabungwe achifundo, mipingo ndi makampani amagawira ana asukulu a m'mabanja osauka kuno ku Johannesburg. Ndine kholo lochokera ku Malawi, ndimakhala ku Rosettenville, ndipo ana anga amaphunzira m'sukulu za boma za konkuno. Ndikudziwa kuti akuluakulu anati wopempha sakulitsa chitete, ndipo thandizoli sindikulinyoza ayi. Koma zambiri mwa zovala zimene zimagawidwazi mwana sangalowe nazo m'kalasi, komanso zimafika chisanu chitamutha kale.

Abale athu kumudzi akamva za Joni amangoganiza za ndalama, za kuzizira sazidziwa. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti m'mawa udzu umayera mbuu ndi chisanu. Pa 10 Julayi 2023 kunagwa ngakhale chipale chofewa. Mwana wogona mu mkhukhu wamalata ku Diepsloot kapena ku Alexandra, kapena m'kachipinda kogawa ndi makatani ku Hillbrow, amadzuka thupi litauma kale, kenako n'kuyamba ulendo wa kusukulu dzuwa lisanatuluke.

Pageti ndiye pali vuto. Pafupifupi sukulu iliyonse ya boma kuno ili ndi yunifolomu yake, ndipo juzi imayenera kukhala ya mtundu wa sukuluyo, kawirikawiri yokhala ndi baji. Mwana akabwera ndi jekete yofiira yomwe walandira kwa anthu achifundo, kaya ikhale yofunda chotani, kusukulu zambiri amamuuza kuti avule aike m'chikwama. N'chifukwa chake mumaona ana atavala masikipa awiri kapena atatu mkati mwa shati yoyera, manja atapisa m'khwapa, jekete yabwinobwino ili m'chikwama.

Nanga m'mabokosi a zachifundowo mumatuluka zotani? Madiresi a kuphwando, masuti a abambo amimba, nsapato za gogoda, majinzi ong'ambidwa dala m'mawondo, nthawi zina nsapato imodzi inzake itasowa. Munthu wangoyeretsa wadiropu yake, mtima wake wapepuka, basi. Mwana wa Grade 3 apindulapo chiyani? Mwina tsiku limodzi la civvies, lomwenso kusukulu zambiri amalipiritsa kuti mwana avale za kunyumba. Zina mwa zovalazi zimakwera basi pa Park Station n'kukavalidwa ndi agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo amene amatero sindingawaweruze, popeza n'kumene zingagwire ntchito. Ife Amalawi kaunjika tinakulira momwemo, timadziwa kusankha m'belo. Zovala za kunyumba timazipeza motchipa pa msika wa Dunusa m'tauni muja. Chimene sitingapeze pamulu ndi juzi ya baji ya sukulu ya mwana wathu.

Ena amati maphunziro kuno ndi aulere kwa osauka. N'zoona kuti sukulu za m'magulu a quintile 1 mpaka 3, omwe ndi a sukulu za m'madera osauka kwambiri, sizilipiritsa fizi, koma yunifolomu ndi udindo wa kholo. Buluku lotuwa, shati yoyera, masokosi ndi nsapato zakuda munthu angazifune ku PEP kapena ku Ackermans pamtengo woti n'kuyesetsa. Zokhala ndi baji, monga juzi, jekete ndi tracksuit, nthawi zambiri zimapezeka m'sitolo imodzi yokha imene sukulu inagwirizana nayo, ndipo mtengo wake amatchula ndi mwini sitolo, iwe n'kungovomera. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linayamba kufufuza mapangano oterewa mu 2017, ndipo lakhala likulimbikitsa sukulu kuti yunifolomu izikhala yoti n'kugulika m'masitolo ambiri. Kwathu, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, linanenanso kuti yunifolomu isakhale yokakamiza, pozindikira kuti chovala chokha chimatha kutsekereza mwana kunyumba. Kuno kholo likadali pakati pa lamulo la pageti ndi mtengo wa m'sitolo.

Kholo losauka la dziko lino limalandirako ndalama ya mwana kuchokera ku bungwe la boma lopereka thandizo kwa osauka la SASSA, yomwe inafika pa R560 pamwezi mu Epulo 2025. Ndi yochepa, koma nsapato imagulika. Ndalamayi ndi ya nzika, anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka ndi boma. Ambiri a ife sitili m'magulu amenewa. Mayi wochapa m'nyumba za anthu ku Randburg, bambo wosamalira maluwa kapena wodikira ganyu pamphambano, alibe kwina kotsamira kupatula thumba lake ndi anthu achifundo omwewa.

Apa ndiye pamandiwawa kwambiri. Magulu ena akamagawa amafuna kaye nambala ya chitupa cha kholo kapena kalata ya kubadwa ya mwana. Ndikumvetsa kuti amene anapereka ndalama amafuna umboni woti katundu anafikadi kwa ana. Koma makolo opanda mapepala akangomva zolemba maina amabwerera panjira, kuopa kuti mndandandawo ukathera kwina, ndipo mwana wofunikira thandizo kuposa onse ndi amene amatsala. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asaletsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Ngati khoti linamulola kukhala pa desiki, juzi ifunirenji chitupa? Dzina lake lili kale mu rejisitala ya mphunzitsi, ndipo siginecha ya mphunzitsi wamkulu ndi umboni wokwanira kwa aliyense wofuna kuwerengera.

Za nthawi ndinene mwachidule. Zopereka zambiri zimaunjikana pa 18 Julayi, tsiku la Nelson Mandela, pomwe makampani amatuluka kukagwira ntchito yachifundo kwa mphindi 67. Pali ntchito zabwino zimene zinabadwira pamenepa, monga ya 67 Blankets ya mayi Carolyn Steyn, yomwe anthu amaluka mabulangete ndi manja awo. Koma pofika tsikuli mwana wazizidwa kale miyezi iwiri, ndipo mu 2025 linapeza sukulu za boma zili pa holide. Juzi imafunika mu Epulo. Nsapato ndi shati zimafunika mu Januwale, mwezi umene kholo lilibe kalikonse: ntchito za zomangamanga zinatseka pakati pa Disembala, mabwana anapita kunyanja ndi mabanja awo, lendi ikudikira, kumudzi nakonso akuimba foni za feteleza.

Ndipo chonde, makamera achepe. Kundandalika ana pabwalo, aliyense atanyamula pulasitiki ya zovala, kuwauza kuti amwetulire, madzulo chithunzi chili pa Facebook, kumeneko n'kumulipiritsa mwana ndi manyazi ake. Ana athu amatchulidwa kale maina achipongwe chifukwa chochokera kunja, ndiye muwaonjezerenso dzina la wopemphetsa? Ndaonapo mtsikana wa sekondale akukana kukalandira nsapato pamene zake zinali zitayasama kutsogolo, chifukwa choti anzake amuona pamzere. Aphunzitsi amadziwa mwana amene amabwera wopanda juzi. Katunduyo asiyidwe mu ofesi, mwana aitanidwe payekha, ayese saizi, atuluke atavala ngati wina aliyense.

Tsono ndisangoloza anthu ena chala. Ife Amalawi a kuno tikafuna kugwirizana timatha. Tili ndi magulu a maliro omwe timasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo m'bale akatisiya, thupi limadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndalama yake itapezeka m'masiku ochepa. Tili ndi mipingo yodzaza Loweruka ndi Lamulungu, tili ndi abale athu achisilamu ambirimbiri ku Mayfair ndi ku Fordsburg, tili ndi magulu a WhatsApp a boma lililonse la kwathu. Koma mwana wamoyo wa membala mnzathu akujomba sukulu chifukwa cha nsapato, ife osadziwa n'komwe, poti nkhani yotere munthu sainena pamsonkhano.

Chonsecho yunifolomu zilipo m'nyumba zathu zomwezi. Chaka chilichonse ana amamaliza pulayimale pa Grade 7, ena sekondale pa matric, ena angokula, ndipo majuzi a baji aja amangopindidwa m'sutikesi kapena kutumizidwa kumudzi komwe bajiyo ilibe ntchito. Matelala achimalawi ali ponseponse m'tauni muno, kufupikitsa buluku kapena kubweza siketi m'chiuno si nkhani kwa iwo. Amayi ogwira ntchito m'nyumba, abwana akamakupatsani zovala zomwe ana awo asiya, musachite manyazi kufunsa ngati pali nsapato zakuda, buluku lotuwa kapena shati yoyera, chifukwa zimenezi zimalowa pafupifupi sukulu iliyonse.

Pempho langa kwa atsogoleri a magulu ndi mipingo yathu ndi lakuti pa msonkhano wa Novembala, mayeso asanathe, mlembi atsegule tsamba limodzi m'kope lomwe lija la zosonkha. Alembe sukulu, mtundu wa juzi ndi saizi, dzina la mwana lisalembedwe. Zosonkhanitsidwazo zichapidwe, zisitidwe, zisungidwe kwa mayi mmodzi wodalirika, ndipo kholo lizipita kukatenga lokha sabata yoyamba ya Januwale. Bungwe lachifundo likadzafunsa kuti ana a m'dera lathu akusowa chiyani, tidzalipatse tsamba lomwelo.

Kholo lokhudzidwa,
Rosettenville, Johannesburg