Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: kodi kusala kudya kumatsukadi m'thupi?

A pampando, a komiti, ndi inu nonse amayi ndi abambo a gulu lathu la odwala shuga ndi BP, ndabwerako ku msonkhano wa zaumoyo munandituma uja. Ndalemba lipotili kuti aliyense awerenge yekha, asamve za m'maluwa.

Ndiyambe ndi za ndalama, popeza ndamva kuti zinayamba kukambidwa ine ndisanatsike n'komwe minibasi. Okonza msonkhano analipira malo ogona ndi chakudya chamasana. Ndalama ya gulu inapita ku thiransipoti yochoka kuno ku Ntcheu kupita ndi kubwera, kabaza wa m'tauni, ndi chakudya chamadzulo masiku atatu. Malisiti ali ndi a msungichuma pamodzi ndi chenji chimene chinatsala. Wakabaza sapereka lisiti, ndiye zimenezo ndinalemba m'kope, ndipo kopelo aliyense angathe kuliona.

Tsiku loyamba linali la malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Chimene ndinatolapo n'chakuti kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Masana ake tinaphunzira kudzaza mafomu a malipoti. Mafomuwo ndabwera nawo, a mlembi adzawaone.

Chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi tsiku lachiwiri. Kunabwera dokotala wa impso, mayi wolankhula mofatsa. Anatulutsa m'chikwama timapaketi tosiyanasiyana ta tiyi wa detox, amene amati amatsuka m'thupi, tina togula mumsika, tina toitanitsa pa WhatsApp, n'kutiyala patebulo. Kamodzi mwa timapaketito kanali kofanana ndendende ndi ka tiyi amene timagulitsana m'gulu lathu. Kenako anatifunsa funso limodzi: poizoni amene tiyiyu amachotsa m'thupi dzina lake ndani, ndipo anamuyeza ndani asanamwe komanso atamwa? Holo yonse inangoti zii. Papaketi palembedwa kuti amatsuka magazi, amatsuka chiwindi, amatsuka impso, koma dzina la poizoniyo palibe. Anatiuza kuti mu 2015 akatswiri awiri a ku Australia, Alice Klein ndi Hosen Kiat, anasanthula zonse zimene zinalembedwa pa kadyedwe ka detox kamalonda, ndipo sanapeze kafukufuku wodalirika ngakhale mmodzi wotsimikizira zimene ogulitsa amalonjeza.

Atatero anauza anyamata kuti alowetse zigubu zopanda kanthu za malita 20, zigubu 9, n'kuzindandalika kutsogolo. Anati amenewo ndi malita 180, ndipo ndiwo madzi a m'magazi amene impso ziwiri za munthu wathanzi zimasefa tsiku lililonse. Pafupifupi onsewo amabwerera m'thupi, ndipo otuluka ngati mkodzo, atanyamula zoipa, ndi lita imodzi kapena awiri okha. Ine ndinayang'ana zigubuzo n'kukumbukira mzere wa pamjigo m'mwezi wa Okutobala. Ntchito yonseyo ikuchitika m'tinthu tiwiri tosaposa chibakera, usana ndi usiku, munthu adye kapena asadye. Chiwindi nachonso chimaphwanya mowa, mankhwala ndi zotsalira za chakudya n'kuzisandutsa zinthu zoti zituluke ndi mkodzo kapena ndi ndulu. Kuti ziwalo zimenezi zigwire ntchito zimafuna madzi okwanira ndi chakudya. Ndiye munthu ukasala osamwa ngakhale dontho masiku atatu, kumene ena amati dry fasting, impso zako sukuzipumitsa ayi, ukuziumitsa. Zikafa chotsala ndi makina a dialysis, osefa magazi m'malo mwa impso, ndipo ife tonse tikudziwa kuti ulendo wake ndi wa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth, kawiri kapena katatu sabata iliyonse. Ndani mwa ife angakwanitse thiransipoti imeneyo?

Tsono bwanji anthu amachitira umboni kuti anasala ndipo sikelo inatsika? Apa ndi pamene ndinamvetsera kwambiri, chifukwa umboni wotere taumva kangapo pansi pa mtengo wathu uja. Chiwindi ndi minofu zimasunga shuga wapadera, ndipo galamu iliyonse ya shugayo imasungidwa pamodzi ndi magalamu ngati atatu a madzi. Ukasiya kudya, thupi limayamba ndi nkhokwe imeneyi, ndipo ya m'chiwindi imakhala itatsala pang'ono kutha pakangodutsa tsiku limodzi. Madzi aja amatuluka, sikelo n'kutsika. Ukayambanso nsima zonse zimabwerera. Nkhokweyo ikatha thupi limayamba kuphwanya mafuta komanso minofu, ndipo m'pamene m'kamwa mumatuluka fungo lachilendo, mutu n'kumawawa, chizungulire n'kumabwera. Ogulitsa amati amenewo ndi mapoizoni akutuluka, pitirizani. Zoona zake n'zakuti thupi likukuuzani kuti lasowa chakudya ndi madzi.

Za tiyi uja, ambiri a mtunduwu amathiramo masamba a senna, omwe ntchito yake ndi kutsegula m'mimba. Munthu akathamangira kuchimbudzi kasanu usiku umodzi amadzuka wopepuka n'kumati zoipa zatuluka. Zatuluka ndi madzi komanso mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Kwa inu amene mumamwa timapiritsi ta BP tokodzetsa tija, potaziyamu amakhala akutayika kale ndi mkodzo, ndiye tiyiyu akungowonjezera moto.

Ndisakhale ngati ndikubisa mbali ina. Mnyamata wina wa ku Mzuzu anaimirira n'kunena kuti anawerenga zoti wasayansi wina analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotsimikiza kuti kusala kumayeretsa thupi. Katswiri wa kadyedwe anavomera kuti munthuyo alipodi, ndi Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, ndipo analandira mphotoyo mu 2016 chifukwa chofotokoza mmene maselo amaphwanyira zinthu zawo zakutha n'kuzigwiritsanso ntchito. Koma kafukufuku wake anachitira pa yisiti, yemwe timafufumitsira mandasi yemweyu, ndipo sananene kuti munthu wa shuga akwere phiri kukasala masiku 21. Katswiri wa kadyedwe uja anatchulanso kafukufuku wa ku Guangzhou m'dziko la China, wofalitsidwa mu 2022, wa anthu onenepa kwambiri okwana 139. Onse anachepetsa chakudya mofanana, koma theka linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana basi. Patatha chaka gulu limeneli linatsika pafupifupi makilogalamu 8, linalo pafupifupi 6, ndipo ofufuzawo anati kusiyanako sikunali kokwanira kunena kuti njira ina yaposa inzake. Choncho kudumpha chakudya mwadongosolo kungathandize munthu wonenepa kuchepetsa thupi, chifukwa choti akudya pang'ono. Kutsuka magazi palibepo.

Apa ndilankhule zakwathu, ndipo a komiti mundikhululukire ngati zipweteke. Mu Januwale agogo athu aja anagwa tsiku lachitatu la kusala. Ine ndinalipo. Thukuta lozizira linali chuchuchu pamphumi, manja akunjenjemera, akulankhula zosamveka ngati aledzera. Anthu anawazungulira n'kuyamba kupemphera mokweza kuti zoipa zikutuluka. M'mawa umenewo anali atamwa mankhwala awo a shuga, glibenclamide, monga mwa masiku onse, m'mimba mulibe kanthu. Mwamwayi ankathabe kumeza, ndiye ndinasungunula masupuni atatu a shuga m'kapu n'kuwamwetsa pang'onopang'ono, ndipo pasanapite nthawi anayamba kutizindikira. Tsiku limenelo ena anandinena kuti ndawaswetsa pangano lawo ndi Mulungu. Ku Lilongwe ndamva ndi makutu anga kuti glibenclamide ndi jakisoni wa insulin zimatsitsabe shuga kaya wadya kaya sunadye, ndipo shuga akatsikitsa munthu amakomoka, ubongo ungawonongeke, ngakhale kufa kumene. Metformin, mankhwala ena a shuga, payekha sakonda kuchita zimenezi, komabe sizikutanthauza kuti aliyense azidzisinthira mankhwala payekha. Chimodzi chokha musaiwale: munthu akakomoka osamuthira chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ndipo tsiku limenelo tikanawayeza ndi chiyani? Kamakina kathu koyezera shuga kakhala m'kabati kopanda timapepala take kuyambira chaka chatha. Pamene ndinapempha kuti ndalama ya m'thumba la gulu tigulire timapepalato, anthu anasankha kugula katoni ya tiyi kuti tizigulitsana, phindu lizilowa m'gulu. Ndinakana, ndipo zinalembedwa m'maminitsi kuti ndinakana. Yankho limene ndinalandira linali lakuti ndili ndi nsanje ndi bizinesi ya anzanga. Mawu amenewo anandipweteka ndipo mpaka lero palibe anabwera kudzawabweza. Sindikunena kuti amene anabweretsa tiyiyu anali ndi mtima woipa. Nawonso anauzidwa, anakhulupirira, ndipo eni akewo amamwanso. Koma ife ndife gulu la odwala, ndipo tagulitsana mankhwala otsegula m'mimba.

Pa za chipembedzo ndinasangalala kuti anaitana shehe, wansembe ndi m'busa kuti akhale pa tebulo limodzi. Shehe anafotokoza kuti Qur'an yomweyo imene imalamula kusala m'mwezi wa Ramadan imamasula wodwala kuti adzabweze masikuwo akachira, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa amadyetsa wosauka m'malo mwake. Wansembe anati kwa Akatolika masiku okakamiza kusala ndi awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kwa a zaka 18 mpaka 59, ndipo odwala lamulolo siliwakhudza. M'busa ndiye anakumbutsa za ku Shakahola ku Kenya, kumene kuyambira 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya otsatira a Paul Mackenzie, ambiri atafa ndi njala. Ine ndine wopemphera ndipo sindikuuza aliyense kuti asiye kufunafuna Mulungu wake. Chimene chikundivuta n'chakuti masiku ano kusala kwa pemphero ndi kusala kwa detox takuphatikiza. Munthu akufunsa za impso zake, akuyankhidwa za chikhulupiriro chake, ndiye amangokhala chete kuopa kuoneka wofooka.

Msonkhano unagwirizana kuti wodwala shuga wofuna kusala ayambe waonana ndi adokotala masabata angapo kusalako kusanayambe, aziyeza shuga ali mkati mosala, ndipo amasule nthawi yomweyo shuga akatsika pansi pa 70 kapena akakwera kuposa 300 pa makina owerenga mg/dL. Pa makina a mmol/L ndi 3.9 ndi 16.7. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, a vuto la impso ndi amene anakomokapo ndi shuga posachedwa asasale. A ma ARV ndi a mankhwala a TB asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Anachenjezanso kuti amene wakhala masiku ambiri osadya asamasule ndi phwando, chifukwa chakudya chambiri chadzidzidzi chimasokoneza mchere wa m'magazi mpaka mtima kuima. Ayambe pang'onopang'ono, makamaka moyang'aniridwa ndi achipatala. Mfundozi n'zabwino, koma ine ndinaona kuti zinalembedwera anthu a m'tauni. Kuno kiliniki yathu ndi kamodzi pamwezi, mzere umafika kumsewu. Ndinakweza dzanja kunena zimenezi, komanso kufunsa chifukwa chake sitinalembe chilichonse chokhudza malonda a detox a pa wailesi ndi pa Facebook. Okonza msonkhano anati nkhaniyo aipititsa ku PMRA, bungwe loona za mankhwala. Ndikanakonda ikanalowa m'mfundo zathu zenizeni.

Tsiku lomaliza kunali za bajeti ndi mapulani a zaka zisanu, zomwe sizikutikhudza kwenikweni. Koma m'mawa mwake mlangizi wa zaulimi ananena chinthu chimene sindinachiyembekezere pa msonkhano wa zaumoyo. Anati ngati tikufunadi poizoni wokhala ndi dzina, yemwe amayezeka, alipo m'nyumba zathu: chuku cha mu mtedza ndi chimanga, chimene chimatulutsa aflatoxin. Ameneyu amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, kuphika sikumupha, ndipo kusala sikubweza zimene wawononga. Ndinaganiza za mmene timawazira madzi mtedza kuti usendeke msanga, ndi mmene timasankhira wabwino kukagulitsa, wonyala ndi wobooka n'kusinja nsinjiro za ana athu. Dokotala uja anawonjezerapo kachasu, mchere wopitirira magalamu 5 patsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndi mapiritsi a ululu monga Brufen ndi diclofenac omwe timagula pa okala n'kumamwa sabata yathunthu chifukwa cha msana. Zimenezi ndiye zikutha impso ndi chiwindi chathu, ndipo kuzipewa sikulira ndalama.

Pempho langa kwa a pampando ndi lakuti tiyi wotsala mu katoni muja asagulitsidwenso, ndipo ndalama imene yalowa kale ipite ku timapepala toyezera shuga Januwale asanafike. Ndikupemphanso kuti titume anthu awiri, mayi ndi bambo, akalankhule mwaulemu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ya m'dera lathu, kuti polengeza kusala azinenanso poyera kuti odwala ndi omasuka. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi wa iwo ngati gulu lingandilole. Amene akutsutsana nane abwere tidzakambirane maso ndi maso Lachinayi likubwerali, ndipo aliyense atenge buku lake la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa, ndi paketi iliyonse ya tiyi kapena ufa wazitsamba imene ali nayo kunyumba. A nesi avomera kudzakhala nafe kuyambira 2 koloko.