Tisapupulume ndi za loboti pa khansa ya prostate

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za opaleshoni ya khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, chifukwa masiku ano bambo akangomupeza nayo, abale pa WhatsApp ayamba kale kusonkha zoti apite ku India kapena ku Joni akamupange ndi loboti, ngati kuti njira zinazo nzophetsa.

Khansayi ikakhala kuti sinafalikire, ntchito ya opaleshoni ndi imodzi yomweyo, kuchotsa prostate yonse. Chosiyana ndi polowera basi. Ena amang'amba kuyambira pansi pa mchombo, ena amaboola timabowo nkulowetsa kamera, ndiye pali ya loboti ija ya da Vinci, nayonso nja timabowo koma dokotala amakhala pambali nkumaiyendetsa yekha. Loboti siganiza kanthu ayi.

Ku Brisbane, Australia, anatenga amuna 326, ena kuwang'amba ena loboti, zotsatira zinatuluka mu 2016. A loboti anataya magazi ochepa, ululu unachepako masiku oyamba komanso anatuluka msanga mchipatala, izi nzoona sitingakane. Koma pa zomwe azibambo amaopa zenizeni, kudontha mkodzo ndi kugwa m'papaya, patatha masabata 12 magulu onse anali chimodzimodzi, atawaonanso patatha zaka 2 chimodzimodzinso. Timitsempha todzutsa munthu timadutsa mmbali mwenimweni mwa prostate, ndipo luso lotisiya osatidula analiyamba Patrick Walsh ku America mu 1982, nthawi imeneyo loboti kunalibe.

Ndiye ine ndimati musanagulitse munda, mufunseni dokotalayo kuti opaleshoni imeneyi amapanga angati pachaka, ndipo odwala ake amasiya liti kuvala thewera. Musachite naye manyazi, thupilo ndi lanu. Mufunsenso ngati mpeni ukufunikadi panopa, poti ku Britain anatsatira amuna 1,643 kwa zaka 15, ena opaleshoni, ena radiotherapy (kuwotcha khansayo ndi makina), ena kumangowayeza pafupipafupi, ndipo omwalira ndi khansayi anali pafupifupi 3 pa 100 pagulu lililonse, ngakhale mwa ongoyezedwawo inafalikira ambiriko.

Kungoti amenewo anawapeza msanga ndi PSA, kuyeza magazi chabe. Athuwa ambiri amafika kuchipatala msana ukuwawa, mkodzo utatsekeka, khansa italowa kale m'mafupa, ndipo pamenepo kaya loboti kaya kung'amba palibe yomwe ingaichotse, amangoyamba mankhwala ochepetsa mahomoni.

Owerenga wanu,
Zomba